Belu la pa Bedi Sikisi

Ku Valparaíso nyumba zimakwera phiri ngati mbuzi,
koma ine ndagona chagada, sabata yachitatu tsopano,
pa bedi seveni, pafupi ndi zenera
londionetsa doko lomwe ndinakhetserapo thukuta zaka makumi atatu.
Makina onyamula katundu aja akadaweramirabe sitima.
Ine kapu ya madzi ikundikanika.

Anamwino ndimawadziwira kumapazi.
Yasna amayenda ngati basi ikumusiya, phaphapha,
Belisario amakoka mwendo wamanzere,
ndipo kamtsikana kophunzira ntchito kaja, Millaray,
kamanyang'ama ngati kakuopa kudzutsa matenda.

Lolemba ndinamutukwana Yasna.
Anaphonya mtsempha kawiri, singano ikufukula mkono wanga
ngati nkhuku padzala,
ndiye ndinati manja akowo ngoyenera kupala nsomba kumsika.
Sanayankhe. Anangomata thonje, n'kutuluka.
Usiku womwewo thupi linandivula ulemu,
zofunda zonse nyowe, fungo lokhalokha,
ndipo wobwera ndi beseni anali yemweyo.
Anandipukuta msana ngati masana sikunache,
akuyimba chapansipansi kanyimbo kopanda mawu.
Madzi anali ofunda bwino: anayamba wawayesa ndi chigongono.
Mawu oti pepani anakwera mpaka pakhosi
n'kukakamira ngati munga wa nsomba.
M'malo mwake ndinati: zenera ilo likulowetsa mphepo.

Mnzanga wa pa bedi sikisi, Lisandro,
amaliza belu kasanu ndi kawiri usiku umodzi.
Mtsamiro wapendekeka. Madzi atha. Mtsamiro wapendekekanso.
Aliyense akudziwa kuti mtsamiro ulibe mlandu.
Ana ake ali ku Antofagasta, foni yake ili zii,
belu lokha ndi lomwe likaitana kumabwera munthu.
Millaray amabwera, maso ali psuu ndi tulo,
amaukonza mtsamiro wokonzakonza kale.

Mayi Ermelinda a chipinda cha kutsidya
amabisa mapiritsi m'sokosi
n'kumwetulira dokotala: "Ndamwa onse, mwanangu."
Belisario amawapeza posintha nsalu za pabedi.
Sakuwa, saitana wamkulu.
Amakoka mpando, amadandaula za mtengo wa mapeyala,
nkhani ili mkati amawapatsira kapu,
iwo n'kumeza, akutsutsabe za mapeyalawo.

Dokotala Pizarro amabwera m'mamawa ndi gulu lake.
Amalankhula ndi pepala la kumiyendo kwanga,
mawu aatali ngati sitima za mafuta,
ine n'kumagwedeza mutu ngati ndamva.
Funso langa limandibwerera iwo atafika kale pa bedi naini.
Ndiye ndimafunsa Dieudonné, wokolopa wa ku Haiti uja,
kuti nkhope zawo zimati chiyani.
Amatsamira chokolopera chake.
"Bambo, ine si dokotala.
Koma lero sananong'onezane pakhomo."
Mawu amenewo amandigoneka kuposa jekeseni.

Dzulo mdzukulu wanga anabweretsa malalanje asanu.
Atatu ndinadya, limodzi Lisandro anapempha,
lotsalalo ndinalibisa pansi pa mtsamiro,
tsiku lonse likufunda ndi mutu wanga.
Yasna atabwera kudzatenga magazi ndinalitulutsa
n'kuliika pa thireyi, pakati pa thonje ndi singano,
maso anga ali kudoko
ngati pali sitima yomwe ndikuidikira.
Analiyang'ana. Anandiyang'ana.
"Tambasulani mkono, Don Evaristo.
Lero nsomba sindipala."
Mtsempha anaupeza kamodzin'kamodzi.

Sindikudziwa ngati ndidzatuluke muno ndi miyendo yanga.
Pepala la kumiyendo silinandiuze.

Kunja sitima inalira, yopita kaya kuti.
Lisandro analiza belu.
Ndinamva phaphapha uja akutalikira m'khonde,
lalanje likugubuduzika pa thireyi,
likugunda uku, likugunda uko.